Makina a Mayi Mastura Pansi pa Amaramba

Makina osokera a Mayi Mastura anamira Lolemba m'mawa. Chimene chinawamiza chinali moni. Amuna awo, Che Jamali, anali atakweza makinawo m'bwato kuti akawasiye tsidya lina la nyanja ya Amaramba kwa Benedito wokonza makina, chifukwa gudumu la chopondera linali litayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi. Ali pakati pa madzi anaona bwato la mnzawo Masudi likudutsa chapatali. Munthu wina akanangokweza dzanja n'kupitiriza ulendo. Koma Che Jamali, bambo wa imvi zake, msodzi chibadwire, anaimirira ndithu kuti moniwo umveke bwino. Bwato linapendeka. Makina aja, ndi thebulo lake ndi miyendo yake yachitsulo, anatsetsereka pang'onopang'ono, kenako phava! Pamadzi panangotsala thovu.

Masudi anayankha moni uja bwinobwino, kenako anafunsa kuti, "Nanga chagwacho n'chiyani?"

Che Jamali anakhala pansi m'bwato muja, manja ali kumutu. Mudziwe kuti makinawo sanali makina wamba. Nkhondo itatha, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira, Mayi Mastura anadutsa nawo pamalire pa Entre Lagos atawasenza pamutu, mwana wawo woyamba Shafii ali kumbuyo, amuna awo akukankha njinga yonyamula miyendo yachitsuloyo. Makinawo anaveka ana asanu. Ndipo tsopano kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwana wawo womaliza, Shakila, akwatiwe. Nsalu za mkwatibwi ndi za amayi a pamudzi zinali zodulidwa kale, zikungodikira singano.

Che Jamali ndi Masudi anamanga mwala kuchingwe, kunsonga inayo n'kumangako galafa, botolo lapulasitiki lopanda kanthu, kuti liziyandama pamalopo. Atayeza chingwe chonyowacho anapeza mamita asanu.

"Mamita asanu okha?" anatero Che Jamali, mtima ukubwerera m'malo. "Kuchokera pakhomo panga kukafika pankhokwe ndi mamita khumi. Mawa ndiwatulutsa."

Atafika kunyumba, akazi awo anawafunsa ngati makina afika bwino. Apa ndi pamene Che Jamali analakwitsa kachiwiri tsiku limodzi. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana denga, kenako anati, "Benedito akuti vuto lake ndi lalikulu, mayi a Shafii. Akuti tidikire Lachinayi." Mayi Mastura anangoti, "Oo," n'kupitiriza kusankha mpunga. Usodzi wonse uja Che Jamali anali asanaopepo mafunde monga anaopera kamawu kameneko.

Lachiwiri anapita ndi Masudi pamalo paja. Che Jamali anavula malaya, anapuma kwambiri, chubwi! Anagwira chingwe cha mwala n'kumatsika nacho. Madzi a Amaramba ndi amatope, munthu saona ngakhale dzanja lake. Koma mdimawo sunawabweze. Asanafike ndi theka lomwe, m'makutu munalowa ululu ngati wina akuwabaya ndi singano yosokera matumba, uku ndi uku. Anabwerera. Anayesa kachiwiri, anayesa kachitatu, ululu uli pomwepo kuwadikira. Zaka zonsezi nyanjayi ankaidziwa pamwamba pokha.

Lachitatu Masudi anabwera ndi nzeru. Nzeru za Masudi anthu a pagombe amazidziwa, ndipo akamva kuti waganiza china chake amayamba asuntha ana. Anabwereka payipi yothiririra tomato kwa mlamu wake.

"Vuto lanu, Che Jamali, ndi kufulumira," anatero. "Mpweya umakutherani, ndiye mumathamanga, makutu n'kudabwa. Lumani payipiyi. Ine ndigwira mbali inayi m'mwamba muno. Muzipuma ngati muli pakhonde panu, muzitsika pang'onopang'ono."

Che Jamali anaona kuti ndi zomveka. Analuma payipi, anatsika. Mutu utangomira, anapuma bwinobwino, ndipo mumtima anamuyamika Masudi. Anatsikanso pang'ono, kupuma kunayamba kulemera. Atatsika msinkhu wa munthu, anakoka mpweya, osabwera. Anakokanso ndi mphamvu zonse, nthiti zinakana kutseguka ngati wina wawakhalira pachifuwa. Anatulukira pamwamba maso ali psuu.

"Iwe Masudi! Wapinda payipi!"

"Wallahi sindinapinde!"

"Wayikapo chala! Ukufuna kundipha kuti utenge ukonde wanga!"

Mkanganowo anapalasa nawo mpaka kumtunda, ndipo kumeneko anaupeza ukudikiridwa ndi Efraimu, wogula nsomba wa panjinga amene amapita nazo kumsika wa ku Mecanhelas. Efraimu amamva khutu limodzi lokha, choncho amayankhula ngati aliyense ali tsidya la mtsinje. Anthu ankadziwa kuti ali mnyamata anakwera komboyo, sitima ya pamtunda, kupita ku Nacala, n'kukagwira ntchito padoko, yopala zinyalala kunsi kwa sitima zapamadzi, atabereka botolo lachitsulo la mpweya kumsana. Koma nkhani zakezo ankazitenga ngati zocheza za munthu wofuna kutsitsa mtengo wa chambo.

Anatembenuza khutu labwinolo, anamvetsera, kenako anaseka mpaka njinga inagwa.

"Epa! Palibe wapinda payipi apa, achimwene! Madzi ndi amene anakukhalirani!"

"Madzi akhalira munthu bwanji?" anafunsa Che Jamali, atakwiya.

"Akazi anu akasenza ndowa yodzaza, khosi silimva? Ndiye inu mwalowa pansi pa ndowa zingati? Madzi amalemera, ndipo mukamatsika, olemerawo amachuluka pamwamba panu. Amakufinyani mbali zonse, pamimba, pamsana, m'nthiti. Mpweya wa m'payipi mwanu ndi wa kunja kuno, wopanda mphamvu. Chifuwa chanu chingakankhe nyanja yonse chokha kuti mpweya umenewo ulowe? Ngakhale payipi ikanakhala yaikulu ngati mtondo, simukanapuma."

Masudi anayang'ana mnzake uja mwachipambano, ngati nzeru ija sinali yake.

"Nanga makutu?" anafunsa Che Jamali, mawu atatsika.

Efraimu anagwira khutu lake lakufalo. "Ili ndinaliphulitsa ndekha, chifukwa cha liuma ngati lanulo. M'kati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala, kuseri kwake kuli mpweya. Madzi akamakankha kunja, kachikopako kamapindikira m'kati. Ululu umene uja ndi iko kakukuchenjezani. Mankhwala ake ndi aulere. Tsinani mphuno, tsekani pakamwa, uzirani pang'ono ngati mukumina mwaulemu pamaso pa apongozi. Mumva kuti thu. Muzichita zimenezo mkono uliwonse mukamatsika, ululu usanayambe. Zikakana, kwerani pang'ono, musakakamize."

Kenako anafunsa chimene chinamira, ndipo atamva kuti ndi makina a Mayi Mastura, kuseka kuja kunatha. Ngakhale buluku limene anavala tsiku limenelo linasokedwa pamakina omwewo. Anati kukoka ndi chingwe sikungathandize, chifukwa miyendo yachitsulo ija yazika m'matope ndipo bwato ndi limene lingagubuduke. Anawauza kuti mawa abwere ndi zigubu zitatu za malita makumi awiri, zingwe, ndi payipi yomwe ija. Iye abwera ndi bomba lopopera njinga.

Lachinayi m'mawa, Che Jamali akumwa tiyi, akazi awo anakhala pamphasa n'kuyamba kupinda nsalu za ukwati zija pamaso pawo, imodziimodzi.

"Lero ndi Lachinayi, bambo a Shafii."

"Ee, ndikupita komweko."

"Benedito akuti chavuta n'chiyani kwenikweni?"

"Akuti... lamba. Ndi kagudumu kena ka m'kati. Zambiri ndithu."

"Oo. Nanga maso afiira chifukwa chiyani?"

"Fumbi," anatero Che Jamali, munthu amene anakhala m'madzi masiku awiri. Tiyi uja anamusiya theka. Manyazi anawagwira kwambiri, chifukwa pa zaka zoposa makumi atatu za ukwati anali asanawanamizepo akazi awo pa chinthu chachikulu kuposa kukula kwa nsomba imene yapulumuka.

Panyanja paja Efraimu sanafulumire. Iye sakanalowa m'madzi chifukwa cha khutu lobookalo, choncho anati wophunzira ayambe waona ndi manja ake. Anapatsa Che Jamali galafa lapulasitiki lopanda kanthu, lotseka bwino, kuti atsike nalo. Che Jamali anatsina mphuno, anauzira, m'makutu munati thu, ndipo ululu uja sunabwere. Anatsika, anatsinanso, anatsika. Galafa lija linayamba kulira m'dzanja mwawo, likuphwanyika lokha popanda wolifinya. Kenako phazi lawo linagunda chitsulo. Anapapasa. Gudumu! Anakwera ndi chimwemwe, ndipo pofika pamwamba galafa lija linali litabwerera mwakale, losalala ngati silinapite kulikonse.

"Ndawagwira! Alipo! Koma galafali lachita zamatsenga!"

"Palibe matsenga!" anakuwa Efraimu. "Mpweya ukatsika umapanikizika n'kuchepa, ukakwera umafutukuka. Pamamita khumi umatsala theka. Pamamita anu asanuwa, magawo atatu amasanduka awiri. Tsopano onani mbali inayo, chifukwa ndi imene imapha anthu."

Analumikiza bomba kupayipi ndi valavu ya chubu chakale, n'kumanga ndi mphira. Anapatsa Che Jamali kajumbo kapulasitiki. Anawauza kuti akafika pansi akadzaze ndi mpweya wa m'payipi mpaka kalimbe, amange pakamwa, akasiye. Che Jamali anatsika, Masudi anapopa. Posakhalitsa pamadzi panatumphuka thovu lalikulu, ndipo kajumbo kaja kanayandama kali kong'ambika pamimba. Che Jamali atatuluka, Efraimu anakanyamula ndi zala ziwiri n'kuwaonetsa pafupi ndi mphuno.

"Awa ndi mapapo anu. Mpweya umene mwatsika nawo kuchokera kuno ulibe vuto, umachepa n'kubwerera mwakale ngati galafa lija. Koma mpweya wa bombawu ukafika pansi ndi wopanikizika kale. Mukaupuma kumeneko n'kukwera mutatseka pakamwa, ufutukuka m'chifuwa, ndipo chifuwa chilibe kothawira. Musanyozere kuti ndi posaya. Mamita omalizira a pamwambawa ndi amene mpweya umakula msanga. Choncho payipiyi ndi ya zigubu, si yanu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Ndipo satana akakunyengani n'kupumako, mukwere pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa, mukunena kuti aaaa mpaka muone dzuwa. Osasiya. Bwerezani!"

"Aaaa," anatero Che Jamali, ngati mwana pamaso pa namwino.

Ntchito inayamba. Ankadzaza chigubu ndi madzi kuti chimire, Che Jamali n'kutsika nacho, n'kuchimangirira kumakina chozondoka, pakamwa pake pali pansi. Masudi anafuna kuti azitseka ndi zivindikiro kuti mpweya usathawe, koma Efraimu anamulanda zivindikirozo n'kuzikhalira. Anati pokwera mpweya wowonjezerekawo uyenera kupeza potulukira, apo ayi zigubu zitupa ngati kajumbo kaja. Zigubu zitatu zitamangidwa, Che Jamali analowetsa payipi m'kamwa mwa choyamba, Masudi n'kuyamba kupopa. Anapopa, anapopa, thukuta kuti noninoni, akudandaula kuti chibadwire sanaonepo tayala losakhuta ngati limeneli. Mpweya unkalowa m'chigubu n'kumakankhira madzi kunja. Choyamba chinadzaza. Chachiwiri chinadzaza. Dzuwa linafika pamutu.

Pa chigubu chachitatu Che Jamali anali atatopa, koma anatsika. Anapeza zingwe zonse zili gwa, makina atadzuka mbali imodzi, mwendo umodzi wokha utatsalira m'matope. Anayamba kufukula ndi manja. Matope ankasuntha, chitsulo chinkagwedera, pang'ono pokha, pang'ono pokha. Chifuwa chinayamba kupempha mpweya. Nzeru zinati kwera ukapume, ubwerenso. Koma Che Jamali anaona m'maganizo nsalu zija zikupindidwa pamphasa, ndipo payipi inali pomwepo, itapulumuka m'chigubu, ikutulutsa thovu pafupi ndi tsaya lawo. Anailuma. Anakoka kamodzi, anakoka kawiri, chifuwa chinadzaza bwino. Ha, kukoma kwake! Anakumba ndi mphamvu zatsopano, ndipo mwadzidzidzi matope anasiya. Makina anachoka m'manja mwawo n'kunyamuka, poyamba mwaulesi, kenako mothamanga, zigubu zikubwibwitiza thovu.

Che Jamali anatsala okha mumdima, payipi itapita ndi makina. Mantha anawagwira. Thupi lonse linkati tseka pakamwa, sunga mpweya wako, thamangira kumwamba. Anadzikankha ndi miyendo, ndipo nthawi yomweyo anamva chifuwa chikudzaza chokha popanda kupuma, nthiti zikukankhidwa kuchokera m'kati. Anakumbukira kajumbo kong'ambika kali pakati pa zala za Efraimu. Anagwira chingwe cha mwala kuti achepetse liwiro, anayasamula, n'kuyamba kufuula. Ndipo taonani zodabwitsa, mpweya sunkatha. Ankautulutsa, wina n'kumabwera, ngati m'chifuwa muli kasupe. Madzi anayamba kuyera, iwo akufuulabe. Mutu unatulukira padzuwa mawu ali pakamwa, ndipo nyanja yonse inamva chimene ankafuulacho. Sanali aaaa wa Efraimu.

"Masturaaaa!"

Che Jamali anapukuta madzi m'maso. Makina anali akulendewera pansi pa zigubu zitatu, gudumu lili ndi ndevu za ndere, Masudi atawagwira ndi chingwe. Koma pambali pa bwato lawo panali bwato lina limene silinalipo pamene ankatsika. Kumbuyo kwake kunakhala Benedito ndi nkhafi, pamiyendo pake pali bokosi la zitsulo ndi botolo la mafuta. Kutsogolo kunali Mayi Mastura, atagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja awiri, mpango utapendekeka, nkhope ili yonyowa ngakhale kuti iwo sanalowe m'madzi.

Efraimu ndi amene anayamba. Anawakokera Che Jamali m'bwato, anawauza kuti atsokomole, alavule m'dzanja, apume kwambiri. Anawafunsa ngati pachifuwa pakupweteka kapena mutu ukuzungulira, n'kunena kuti akamva chachilendo chilichonse awakweza panjinga kupita kuchipatala lero lomwe. Ataona kuti zonse zili bwino, anawatukwana mokweza kwambiri moti mbalame zinauluka m'bango.

Che Jamali sanamve n'komwe. Maso awo anali pa bwato linalo.

"Mayi a Shafii," anayamba, "makina aja... Benedito sanali..."

"Ndinadziwa Lolemba lomwelo dzuwa lisanapendeke," anatero Mayi Mastura. "Masudi ali ndi mkazi, ndipo mkazi wakeyo ali ndi pakamwa. Ndimafuna ndione kuti bodza lanu lifika nalo pati. Lamba! Kagudumu ka m'kati! Fumbi! Benedito ndamuitanitsa ndine, kuti makina akangotuluka awamasule asanachite dzimbiri." Anapuma, n'kupitiriza. "Koma palibe anandiuza kuti mukumira nokha mpaka pansi. Ndimayesa mukuwedza ndi mbedza ngati anthu anzeru. Ndafika pano mutangolowa kumene. Ndawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, osatuluka. Ndawerenganso. Makina atuluka okha, inu ayi. Mumati ndikasoke chiyani pamakinapo, nsalu ya maliro anu?"

Che Jamali anaweramitsa mutu. "Ndinalakwa. Ndinaopa kukuuzani."

"Munaopa ine kuposa nyanja?"

"Ee."

Masudi anaseka, koma atayang'anidwa anasandutsa kusekako kukhala chifuwa. Mayi Mastura anakonza mpango wawo. Anayang'ana makina awo nthawi yaitali, kenako anayang'ananso amuna awo.

"Potuluka paja munati chiyani?"

Makutu a Che Jamali anatentha. Kwawoko mwamuna wamkulu satchula dzina la mkazi wake pagulu. Chibadwire Shafii, iwo ankangoti mayi a Shafii, m'nyumba ndi panja pomwe.

"Ndimangotulutsa mpweya. Ndi malamulo a Efraimu."

"Ine ndinati aaaa basi!" anakuwa Efraimu. "Zinazo wawonjezera yekha!"

"Bwerezani," anatero Mayi Mastura.

Che Jamali anayang'ana Masudi, anayang'ana Benedito, onse awiri anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi zingwe. Ndiye ananena motsitsa, ngati mnyamata wa pachitsime.

"Mastura."

Mayi aja anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Dzina limeneli ndimayesa linatsala ku Malawi," anatero. "Kani munali nalo nthawi yonseyi."

Makinawo anawakokera kugombe ali m'madzi momwemo, zigubu zikuyandama kutsogolo ngati mbuzi zopita kumsika. Benedito anawamasula pansi pa mtengo wa mango, anatulutsamo matope odzaza mbale ndi kankhanu kamodzi, ndipo pofika Loweruka anali akusoka. Kulira kwa gudumu kuja kunatheratu, ndipo Che Jamali anayesa kunena kuti madziwo ndi amene anathandiza, koma palibe anawavomera. Shakila anakwatiwa atavala diresi losokedwa ndi mayi ake. Thebulo la makina linafufuma pangodya imodzi ndipo silinabwerere, koma Mayi Mastura anakana kuti alisinthe. Masiku ano mlendo akafunsa chimene chinachitika pangodyapo, iwo amaloza amuna awo ndi sizasi n'kunena kuti afunse iwowo, ndipo awatchule dzina mwini makinawo pofotokoza.